Che Useni a Mawotchi ndi Mphuno ya Duwa

Apongozi anga, bambo ake a mwamuna wanga Willie, dzina lawo ndi Useni Bwanali. Koma mukafika pa Lirangwe n'kufunsa dzina limenelo, anthu amayamba ayang'anizana. Muyenera kunena kuti mukufuna Che Useni a mawotchi. Pamenepo ngakhale mayi wogulitsa tomato akulozerani khonde la sitolo ya zitsulo, pafupi ndi poima maminibasi opita ku Zalewa, pomwe pamakhala katebulo kokhala ndi galasi pamwamba.

Anabadwira kwa Chigaru, ndipo sukulu analekeza sitandade faifi. Ali mnyamata anapeza ntchito yokweza ndi kutsitsa katundu pabwalo la ndege la Chileka. Anaigwira zaka khumi ndi zinayi mpaka msana unakana. Za mawotchi anaphunzira komweko kwa mkulu wina wa ku Mulanje yemwe ankagwira naye ntchito, amene pa nthawi yopuma ankatsegula mawotchi a anzake atayala mpango pabondo. Ntchito itatha, Che Useni anabwerera kwawo ndi chitini cha mabisiketi. Munali timasikuludiraiva, kagalasi kovala padiso limodzi, ndi kachitsulo kopanira tinthu ting'onoting'ono, kamene iwo ankangokatchula kuti kopanira.

Ndi munthu wa manja akuluakulu. Ndinkadabwa kuona zala zomwe zinkanyamula masutikesi zikutola kasikulu kochepa ngati njere ya mawere, osakagwetsa.

Za mphuno za ana zinayamba mwangozi. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa pafupi ndi tebulo lawo anathamangira kwa iwo tsiku lina, mwana wake atalowetsa njere ya chimanga m'mphuno. Anaganiza kuti munthu amene amaona za m'kati mwa wotchi sangalephere kuona za m'mphuno. Che Useni anavala kagalasi kawo, natenga kopanira, njere ija n'kutuluka. Mbiri inafala mpaka m'midzi. Nthawi yotong'ola chimanga sipankatha sabata osabwera mayi ndi mwana wolira. Anachotsapo nandolo, khobwe, mikanda, timiyala, ngakhale kachidutswa ka matiresi komwe kanakhala m'mphuno masabata awiri mpaka mwana kuyamba kununkha mbali imodzi. Sankalandira kanthu. Anandiuza okha kuti chomwe chinkawakomera chinali kumva anthu akunena pamsika kuti manja a Che Useni amaposa a dokotala.

Mu 2008 kunabwera mayi wina dzina lake Agnes ndi mwana wake Stella, wa zaka zinayi. Stella anali atalowetsa nyemba. Asananyamuke kunyumba, mayi ake anathiramo madzi poganiza kuti itsetsereka, koma nyembayo inangofufuma. Che Useni anayesa kuipana, inaterera. Atayesanso, mwanayo anagwedeza mutu mwamphamvu, kopanira kanamulasa m'kati, magazi n'kuyamba kutuluka, ndipo nyemba ija inalowa kutali moti sinkaonekanso. Anatseka tebulo lawo n'kuperekeza mayiyo mpaka ku chipatala chachikulu cha ku Blantyre. Kumeneko anachita kumugonetsa mwanayo ndi mankhwala kuti aichotse.

Namwino wina wachikulire atamva mmene zinayendera, anawaitanira pambali. Sanawakalipire. Anangowafunsa ntchito yawo, ndipo atamuuza, anati, "Bambo, wotchi mukailasa imagwedeza mutu?" Kenako anawaphunzitsa njira ina yosafuna chitsulo, nawauzanso zinthu zomwe sayenera kuzengereza nazo pakhomo.

Ine ndinakwatiwa m'banjamo mu 2016, choncho Che Useni amene ndinawadziwa ndi a pambuyo pa nkhani ya Stella. Ndinaonapo kawiri akuthandiza mwana pa Lirangwe. Kopanira sankakakhudza n'komwe. Ankamuuza mayi kuti akhale pabenchi, amufukate mwanayo, amutonthoze kaye mpaka kulira kuchepe. Kenako ankati, "Tsekani ndi chala mbali yomwe mulibe kanthu. Ikani pakamwa panu pakamwa pake, pasatsale mpata. Uzirani kamodzi, mwachidule koma mwamphamvu, ngati mukuzimitsa kandulo." Mayi akachita manyazi n'kunena kuti auzire iwowo, ankakana. "Mwanayo ndi wanu, fungo lanu akulidziwa. Ine andiopa."

Ulendo woyamba umene ndinaona, mkanda wofiira unatumphukira patsaya la mayiyo pamodzi ndi mamina, anthu n'kuseka. Ulendo wachiwiri, kwa mwana wina, chinthucho sichinatuluke. Mayiyo anauzira kawiri, ndipo Che Useni anati basi, apite kuchipatala, asalowetsemo machesi kapena chotokosera m'makutu, asathiremo kanthu. Mayiyo anachoka akung'ung'udza. Pamsika ena ankati nkhalambayo manja ayamba kunjenjemera, n'chifukwa chake ikuopa. Iwo ankamva, n'kumapitiriza ntchito yawo.

Ine ndi Willie timakhala ku Chileka, m'nyumba ya lendi, chifukwa Willie ndi mmodzi wa achitetezo pabwalo la ndege. Mu Okutobala 2022 apongozi anabwera kudzakhala nafe masiku angapo. Maso awo anali atayamba ng'ala, ndipo Lolemba ankayenera kukaonana ndi dokotala wa maso m'tauni. Anabwera ndi chitini chawo, poti sachisiya. Mwana wathu Duwa anali ndi zaka zitatu, ndipo sankachoka pamiyendo pa anganga ake.

Loweruka m'mawa Willie anapita kuntchito. Ine ndinkachapa kuseri. Apongozi anali pakhonde akukonza wotchi ya Doreen, mnzanga wa nyumba yoyandikana nayo. Anadzuka kupita kuchimbudzi, nasiya chitini chotsegula. Sipanapite nthawi yaitali, Duwa anabwera pomwe ndinkachapa akutikita mphuno, diso lakumanja likutuluka misozi.

"Amama, kalowa."

"Chalowa n'chiyani?"

"Kandalama ka anganga."

Ndinamupendeketsa mutu padzuwa. M'mphuno yakumanja, chapatali ndithu, munali kanthu konyezimira. Sindinaope kwambiri. Ndinaganiza kuti ndi kachitsulo wamba, ndipo m'nyumba mwathu momwemo munali munthu amene Lirangwe yonse inkathamangirako. Ndinazula kaphini kutsitsi kwanga kuti ndiyambe ndayesa ndekha.

"Amake Duwa, siyani kaphiniko."

Anali apongozi, ataima pakona pa nyumba, manja akudontha madzi. Anabwera pang'onopang'ono, nagwada pamaso pa Duwa n'kumufunsa kuti awaonetse pomwe anatenga kandalamako. Duwa anawakoka dzanja mpaka pakhonde, naloza kapepala kolimba komwe pamakhala timabatire ta wotchi, tozungulira ngati timabatani. Iwo anali atatsegula malo awiri. Kabatire kamodzi kanali m'wotchi ya Doreen, koma kachiwiri panalibe.

Nkhope yawo inasintha. Anandiuza kuti ndikhale pansi, ndimufukate Duwa, nditseke mphuno yakumanzere, ndiuzire m'kamwa mwake. Ndinauzira. Duwa anatsokomola n'kuyamba kulira. Anavala kagalasi kawo n'kuyang'ana. Kabatire sikanasunthe.

"Ndiuzirenso?"

"Ayi. Kakanirira. Tengani chitenje, tizipita kuchipatala."

Doreen anali atamva kulira n'kubwera. Anati kwawo amamununkhiza mwana fodya wa m'mphuno kuti ayetsemule, kapena amadonthezeramo mafuta ophikira. Apongozi anapukusa mutu. "Musathiremo kanthu, kaya madzi, kaya mafuta. Aka si nyemba. Ndatsegulapo mawotchi ambiri omwe kabatire kanachucha m'kati. Kamadya chitsulo. Nanga mnofu wa mwana?"

Mawu amenewo ndi amene anandisokoneza mutu. Ngati kanthuko kakuwotcha mwana wanga panopa, bwanji osakachotsa panopa? Kankaoneka ndithu. Kopanira kanali pomwepo pachivundikiro cha chitini. Ndinakatola n'kuwapatsira.

"Bambo, chotsani. Mukukaona."

"Sindichotsa."

"Mwachotsapo zambirimbiri."

"Kabatire n'koterera, kalibe pogwira. Ndikakakankha kapita kummero, akameza kapena kalowera ku chifuwa. Pamenepo ndiye tamutaya."

Kwathu kuno mpongozi sumuyang'ana m'maso, ndipo polankhula naye umagwada chapatali. Ine ndinaleredwa m'nyumba ya mkulu wa mpingo, mwambo ndikuudziwa. Koma tsiku limenelo ndinaimirira n'kuwayang'ana m'maso, pamaso pa Doreen.

"Ana a eni mumathandiza, mdzukulu wanu yemwe mukumukana? Zinthu zanu zomwezi ndi zimene zikufuna kundiphera mwana. Munabwera nacho kudzatani chitinichi?"

Doreen anaweramitsa mutu. Apongozi anati, "Mwanena zoona, amake Duwa. Muberekeni, nthawi ikutha." Anang'amba kabatire kena papepala paja n'kukaika m'thumba la malaya.

Willie akakhala pantchito sakhala ndi foni, choncho ndinangomutumizira uthenga. Tinakwera njinga zamoto ziwiri kupita ku chipatala chaching'ono chapafupi. Wachipatala anayang'ana ndi tochi, nanena kuti alibe chida choyenera ndipo sakufuna kuyesa zoyerekeza. Analemba kalata mwachangu n'kutiuza kuti tisaime paliponse. Doreen anaimbira mlamu wake yemwe amayendetsa galimoto ya hayala, ndipo anatipeza pachipata.

M'galimoto ine ndinakhala kumbuyo nditafukata mwana. Duwa anali atasiya kulira, akungobuula, ndipo m'mphuno munayamba kutuluka timadzi tofiirira. Apongozi anakhala kutsogolo, maso pamsewu. Pa Kameza magalimoto anathithikana, ndipo ndinawaona akufinya chipewa chawo m'manja mpaka chinapindika.

Ku chipatala chachikulu tinapeza mzere wautali wa amayi ndi ana pamabenchi. Ine ndikanakhala kumapeto n'kumadikira, chifukwa ndi mmene ndinazolowerera. Apongozi, munthu amene sadumpha mzere ngakhale pachigayo, anapita molunjika kwa namwino wolandira odwala. Anatulutsa kabatire kaja n'kukaika patebulo.

"Mayi, pepani. Kofanana ndi aka kali m'mphuno mwa mwanayu. Kalowa cha m'ma naini."

Namwinoyo anayang'ana kabatire, nayang'ana wotchi yake, n'kudzuka. Anatilowetsa nthawi yomweyo. Anamukulunga Duwa munsalu ngati khanda kuti manja asatuluke, namwino mmodzi anagwira mutu, ine ndinagwira miyendo. Dokotala anatenga kachitsulo kopindika kumapeto, nakadutsitsa kuseri kwa kabatire n'kukokera kunja. Kanagwera m'mbale yachitsulo kali bii, kosanyezimiranso. Nthawi inali itangokwana thwelofu.

Dokotalayo anati m'kati mwapsa ndithu, koma kakhoma kapakati pa mphuno sikanabooke. Anati ena amafika patapita tsiku, ali ndi bowo lomwe silitsekekanso. Anafunsa ngati tinathiramo kanthu kapena kutokosa. Nditayankha kuti ayi, anati tachita bwino. Ndinatembenuka kuti ndione ngati apongozi amva, koma anali atatuluka kale. Ndinawapeza panja, atakhala pakhonde la simenti, akuwongola chipewa chija pabondo.

Lamulungu lonse anakhala m'chipinda, ati mutu ukuwawa. Lolemba anapita okha kwa dokotala wa maso, ndipo pobwerera sanadzere ku Chileka. Anamuimbira Willie ali kale pa Lirangwe. Nditamuuza Willie mawu amene ndinanena, iye anati, "Bambo sanandiuze chilichonse. Anangoti anasiya chitini chotsegula."

Ndinakhala nazo mumtima masabata atatu. Tsiku ndi tsiku ndinkamupaka Duwa mankhwala m'mphuno, tinkhanambo tikutuluka, fungo likuchepa pang'onopang'ono. Mbali ina ya mtima wanga inkati sindinaname, kabatire kanali kawo. Mbali ina inkakumbuka kaphini kanga, ndi chomwe chikanachitika iwo akanachedwa pang'ono kutuluka m'chimbudzi muja. Nditawafotokozera mayi anga, sanandiweruze. Anangoti mawu ndinanena ndi pakamwa, koma okakonza ndi miyendo.

Ndinanyamuka Lachitatu m'mawa ndi Duwa, kukwera minibasi kudzera pa Lunzu. Tinawapeza patebulo lawo akulimbana ndi tochi ya munthu. Duwa anathamanga n'kuwakumbatira miyendo. Asanatilonjere n'komwe, anamupendeketsa mutu, nayang'ana m'mphuno nthawi yaitali ndi diso lawo labwinopo. Ine ndinagwada pambali pa tebulo, pafumbi pomwepo, anthu akudutsa.

"Bambo, ndabwera kudzapepesa. Ndinalankhula ngati wopanda mwambo."

"Dzukani, amake Duwa, mudetsa chitenje. Khalani pabenchipa."

Sindinadzuke. Ndinati andikhululukire kaye.

"Ndikukhululukireni chiyani? Mayi amene mwana wake akupsa salankhula ngati ali pa ukwati. Ine ndinachoka chifukwa cha manyazi anga, osati mawu anu. Zaka zonsezi ndakhala ndikuuza amayi kuti azisamala tinthu ting'onoting'ono, ndiye ine yemwe n'kukasiya poyera."

Nditakhala pabenchi ndi pamene anandisimbira za Stella, zomwe ndalemba kale zija. Willie sankazidziwa bwino, poti nthawi imeneyo anali ku sekondale yogonera komweko. Atamaliza anapitiriza kulankhula, akutembenuza tochi ija m'manja.

"Mukudziwa chomwe chinandiopsa tsiku lija? Mutandipatsira kopanira, dzanja langa linkafuna. Ndinkakaona kabatire, ndipo mtima unkati Useni, ukhoza. Ndi mawu omwewo amene ndinamva mumtima tsiku la Stella. Mwina ndikanakachotsa ndithu. Mwa ana khumi, mwina asanu ndi atatu ndikanawachotsa bwinobwino. Koma awiri otsalawo sabwera atalembedwa pachipumi."

Ndinawafunsa ngati sizinkawapweteka kumva anthu akunena kuti manja awo anatha. Anaseka pang'ono, nati poyamba zinkawawa, makamaka zikachokera kwa anthu omwe anawathandizapo ana. Koma anaona kuti kuyankha kukanatanthauza kutenganso kopanira kuti awatsimikizire, ndipo wolipira mkangano umenewo akanakhala mwana wa munthu.

Tinadya nawo mbatata yootcha yomwe anatuma mayi wa pafupi kuti atigulire. Pobwerera anatiperekeza mpaka pa siteji. Duwa anapempha kandalama kena, ndipo iwo anamuuza kuti anganga ndalama zawo zonse zinatha.

Chaka chotsatira anawachita opaleshoni diso limodzi, ndipo linatseguka bwino. Linalo akudikirabe. Mawotchi masiku ano ndi ochepa, poti aliyense amaona nthawi pafoni. Chomwe chimawasunga patebulo ndi matochi, mawailesi, masikelo a ogulitsa nyama ndi makiyi a galimoto. Mvula ikagwa amatseka n'kupita kukalima kwa Chigaru, ngakhale msana umawavuta.

Chinasintha n'chakuti kabatire sagulitsanso koti munthu anyamule kupita nako kunyumba. Amati bweretsani chinthucho, ndikuikireni ndekha. Kakale kamene achotsa amakaponya m'botolo la pulasitiki lokhala ndi chitsekero cholimba, lomwe amalimangirira kumwendo kwa tebulo. Ena amakwiya n'kukagula kusitolo ina. Iwo amangowauza kuti akafika kunyumba akaike pamwamba, ndipo kakale asakataye pabwalo pomwe ana amasewera. Kwathu ku Chileka amabwerabe, koma chitini amachisiya kwa mwini sitolo ya zitsulo uja. Doreen wotchi yake ikaima amachita kundipatsira ndikamapita ku Lirangwe.

Duwa tsopano ali sitandade wanu. Za tsiku lija amangokumbuka kuti anakwera njinga yamoto. Nyengo yotentha mphuno yake nthawi zina imatuluka magazi pang'ono, ndipo adokotala anati zimachitika, zidzatha akamakula. Apongozi akaimba foni salonjera nthawi yaitali. Amafunsa za Willie, za mvula, kenako amafika pomwe amafuna.

"Nanga mphuno ija?"

"Inatuluka magazi Lachiwiri, Bambo, koma pang'ono."

"Mbali iti?"

"Yakumanja yomweyo."

Ndimamva maminibasi akuimba mahutala kumbuyo kwawo. Kenako amati ndimupatse foni mwini wakeyo, amve mawu ake.